KODI FIZIKISI NJA ANA A YANI?

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu zonse za Mulanje, amayi ndi abambo, tamverani bwino nkhani iyi, ndipo amene adziwa kuwerenga awerengere anzao pa msonkhano. Nkhani yake nja phunziro limene ana athu alitcha Fizikisi, lomwe lija amene anapita ku sekondale kale ankalitcha Fizo. Tidziwa kuti ena anena kuti, "Zimenezo nza aphunzitsi, ife alimi zitikhudza pati?" Ife tikuti zikukhudzani monga momwe ukukhudzirani mtengo wa feteleza, pakuti pa phunziro limeneli mpamene ana a Mulanje alikutsekeredwa khomo la ku koleji, ndipo alikutsekeredwa mwakachetechete, popanda munthu woimirira poyera ndi kunena kuti watseka ndine.

Taonani m'mene khomolo liliri. Mwana wofuna kukhala injiniya wa magetsi, wa madzi, wa miseu kapena wa migodi, wofuna kudziwa za nyengo, ngakhale wofuna udotolo, ayenera kudzera pa Fizikisi ya chaka choyamba ku koleji. Apite ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, apite ku MUBAS ku Blantyre kumene tinkati ku Poly, apite ku Mzuzu, kapena pafupi pompa ku MUST pa Ndata m'boma la Thyolo, imene inalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 2014, njira yake ndi yomweyo. Tsono kuti amlole kukhala m'chipinda chimenecho afuna makirediti 6 pa mayeso a Fomu 4, Chingerezi chiri pomwepo, ndipo pa maphunziro a uinjiniya ayang'ana Masamu, Fizikisi ndi Kemisitiri. Mwana akasowa kirediti ya Fizikisi, ngakhale akhoze Chichewa, Baibulo ndi Mbiri ngati mvula, pepala lake aliika pambali.

Nanga m'chaka choyambacho muli zotani? Aphunzira za kuyenda kwa zinthu ndi mphamvu zozikankha, malamulo aja amene Isaac Newton anasindikiza m'chaka cha 1687. Aphunzira za kutentha, za phokoso, za kuwala, za magetsi ndi maginito. Komatu sikumvera kokha iai. Sabata ndi sabata alowa m'labu, napatsidwa zipangizo, nauzidwa kuti yesa wekha, lemba chimene wapeza, ndipo utiuze kuti muyeso wako waphonya ndi pang'ono bwanji. Amangirira kachitsulo ku chingwe cha mita imodzi, nakagwedeza. Kachitsuloko kapita ndi kubwera pa masekondi awiri, ndipo pa zokhazo mwana awerengera yekha m'mene dziko likokera zinthu pansi, napeza nambala ija ya 9.8. Mwana wa ku sukulu ya labu anachita zimenezi ali Fomu 3, ndipo kwa iye nkubwereza chabe. Mwana wathu nambalayo anangoiloweza ngati vesi la pa Sande sukulu. Onse awiri akhala pa benchi imodzi, mayeso ao ndi amodzi, ndipo pakutha pa chaka akuluakulu anena kuti wa kumudziyo ngofooka mutu.

Ife tikana mau amenewo. Mwanayo sanafooke mutu, anamanidwa.

Ambiri a ana athu amene apita ku sekondale apita ku sukulu zoyendera zimene tizitcha CDSS. Achikulire akumbukira kuti izi zinali ma MCDE, malo ophunzirira mwa makalata, ndipo cha m'ma 1998 Boma linangozisintha dzina kuti zikhale masekondale. Dzina linasintha tsiku limodzi, koma labu siimangidwa ndi dzina. Kufikira lero zochuluka za sukulu zimenezi Fizikisi yake nja pa bolodi: mphunzitsi ajambula batire ndi choko, ajambula waya ndi choko, ajambula babu ndi choko, nanena kuti tayerekezani kuti layaka. Pamene mayeso a MANEB ali ndi pepala lachiwiri, lofuna kuti mwana agwire zipangizo ndi manja ake. Chotero mwana wina akhudza mita yoyesera magetsi nthawi yoyamba m'sabata la mayeso, mitayo nayonso njobwereka ku sukulu ina. Kodi mlimi angapikisane pa kulima ngati khasu waliona m'mawa wa tsiku la mpikisano?

Ndipo m'chaka cha 2015 a Unduna wa Maphunziro anayamba silabasi yatsopano imene inang'amba Fizo pakati, kukhala Fizikisi payokha ndi Kemisitiri payokha. Maganizo ake sitiwatsutsa, pakuti ku koleji maphunziro awiriwa ali paokhapaokha. Koma sukulu imene inasowa mphunzitsi mmodzi wa Fizo tsopano isowa awiri. Chimene chichitika nchakuti ahedi agwira mphunzitsi wa Masamu kapena wa Ulimi, namsenzetsa katundu wosakhala wake, kapena angowauza ana kuti chaka chino musalembetse Fizikisi. Pamenepo khomo la uinjiniya latsekeka mwana ali ndi zaka 16, makolo ake osadziwa kanthu, alikugulitsabe nandolo ndi nanazi kuti apeze za sukulu.

Aphunzitsi a m'sukulu zimenezi sitiwanyoza iai. Ambiri a iwo alikuvutika pamodzi ndi ana athu, ndipo ena agula mabatire ndi ndalama za m'thumba mwao. Mlandu uli kwa amene agawa aphunzitsi ndi zipangizo. Ku Domasi aphunzitsa aphunzitsi a sekondale chiyambire 1993, ku Nalikule anatsegula koleji ina ya aphunzitsi a sayansi ndi thandizo la Japan, koma funsani kuti omaliza kumeneko atumizidwa kuti. Amene ali nazo kale ndiwo awonjezeredwa.

Nkhani imeneyi siyachilendo kuno kwathu. Tiyi anayamba kubzalidwa m'Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo makolo athu, Amang'anja ndi Alomwe, anagwira thangata m'minda imeneyo. Anathyola tiyi, anasenza nkhuni za m'fakitale, anakumba ngalande, koma chipinda cha makina chinali cha Mzungu, ndipo munthu wakuda analoledwa kupukuta makinawo osauzidwa chimene chiwayendetsa. Atsamunda analamulira dziko lino chiyambire 1891, koma sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1940, ya Akatolika ku Zomba m'chaka cha 1942, ndipo ya Boma ku Dedza inadza mu 1951. Anafuna makalaliki ndi akapitao, osati mainjiniya. Yunivesite yathu inayamba kuphunzitsa mu 1965, titalandira kale ufulu. Zimenezo zinali za Atsamunda, ndipo tinadziwa womloza chala. Koma lero, zaka zoposa 60 chilandirire ufulu, mdzukulu wa wothyola tiyi akali kuima panja pa chipinda cha makina, ndipo amene alamulira ndi ana a dziko lomwe lino.

Chimene chitiwawa koposa nchakuti palibe boma lina m'Malawi limene Fizikisi iri poyera monga Mulanje. Tayang'anani phiri. Nsonga ya Sapitwa iri mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi Muloza igwa kuchokera kumwambako usana ndi usiku, chaka chonse. Madzi ogwa ndiwo chuma, ndipo masamu ake mwana wa Fomu 3 angawathe. Tamverani. Madzi akadzaza m'paipi yotsika mamita 10, kumunsi kwake akankha ndi mphamvu ya kilogalamu imodzi pa kamalo kalikonse kolingana ndi chikhadabo cha chala. Paipi ikatsika mamita 100, ndiye makilogalamu 10 pa chikhadabo chomwecho. Nchifukwa chake mapaipi aphulikira kumunsi, osati kumtunda, ndipo nchifukwa chake omanga aika akasinja pakati pa njira kuti madzi apume ukali. Makolo athu anakumba ngalande za mipope imeneyi ndi makasu ao m'zaka za m'ma 1970, mosalipidwa, mpaka madzi a phiri anafika m'midzi ya kutali popanda injini iri yonse. Nchito inali yathu, koma amene anawerengera kukula kwa paipi anachokera kwina. Lero mpope ukauma timangoti madzi athawa, nkumadikira munthu wa galimoto.

Za magetsi nazo masamu ake ngomwewo. Mtsinje wopereka malita 100 pa sekondi, madziwo nkugwa mamita 50: chulukitsani 100 ndi 50, kenaka ndi 9.8 uja, mupeza mawati 49,000, ndiye kuti makilowati 49. Chotsanipo mphamvu imene itayika m'paipi ndi m'makina, patsala monga makilowati 30, okwanira kuyendetsa chigayo ndi kuyatsa mababu m'nyumba mazana angapo. Madzi azunguza gudumu, gudumu lizunguza maginito pafupi ndi waya, ndipo m'wayamo mutuluka magetsi. Chinsinsi chimenechi anachitulukira Michael Faraday m'chaka cha 1831, ndipo iyeyo anali mwana wa wosula zitsulo. Dainamo ya pa njinga yanu igwira nchito mwa njira yomweyo. Palibe matsenga pamenepa.

Ena anawerengera kale masamu amenewa pa mitsinje yathu. Ku Bondo, pa mtsinje wa Lichenya, bungwe la MEGA liyatsa magetsi m'midzi ndi makina ang'onoang'ono, ndipo tiwayamika. Pa Ruo ndi Ndiza kampani inamanga makina a mamegawati pafupifupi 8, magetsi ake nkumagulitsa ku ESCOM. Madzi a Likhubula anaikidwa m'mipope ndi ngongole ya ku India kuti malita 20 miliyoni pa tsiku azitsikira ku Blantyre. Sitikuti abale athu a ku Blantyre asamwe madzi, ludzu liribe boma. Koma tifunsa: pa anthu amene anajambula mapulani a nchito zonsezi, amene anayeza mitsinje, amene aitanidwa makina akaima, ndi angati anaphunzira pa CDSS ya kuno? Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma lino. Kodi pa khamu lonseli Mulungu anaiwala kulengapo mitu ya Fizikisi? Ndipo mwala wa bokisaiti umene unapezeka pa phiri m'chaka cha 1924, nkhani yake imauka nthawi ndi nthawi. Tsiku limene ofuna mgodi afika ndi mapepala odzaza manambala, ndani wa ife adzawawerenga ndi kunena kuti apa mwanama?

Palinso nkhani ya moyo ndi imfa. Achikulire sanaiwale mwezi wa March 1991, pamene miyala ndi matope zinatsika ku Michesi ndi kukokolola anthu ku Phalombe, nthawi imeneyo Phalombe akali gawo la boma lino. Ndipo tonse tinaona ndi maso athu mu March 2023 pamene namondwe wa Freddy anaika maliro m'midzi ya Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, anthu mazanamazana, ena osapezeka mpaka lero. Makolo anati Napolo wadutsa, ndipo dzinalo sitilimbana nalo. Koma Napoloyo ali ndi malamulo amene awatsata. Dothi la pa phiri ligwirira pa thanthwe chifukwa cha kukhakhala kwake ndi mizu ya mitengo. Mvula ikagwa masiku atatu osaleka, dothilo lilemera, madzi alowa pansi pake nalinyamula pang'ono, kugwirira kuja kuchepa, ndipo pofika muyeso wina zonse zitsetsereka nthawi imodzi. Kutsetsereka kwa malo kuyezeka, mvula iyezeka ndi kachitini koikidwa pabwalo, ndipo munthu wophunzira angathe kunena kuti mudzi uwu usamuke usiku uno. Zimenezi ziyambira m'buku la Fizikisi, pamene mwana aika njerwa pa thabwa, nakweza thabwalo kufikira njerwa itsetsereka. Thabwa ndi njerwa! Kodi zimenezinso tidikire thandizo la kunja?

Tsono tiyankhe amene atitsutsa. Oyamba anena kuti ndalama palibe. Inde labu yokhala ndi gasi, mipope ndi matebulo njodula, sitikana. Koma kabati yokhoma yokhala ndi mamita oyesera magetsi, magalasi a kuwala, masikelo, maginito, zoyezera kutentha ndi mawaya, mtengo wake sufika pa mtengo wa matayala a galimoto za akuluakulu amene atiuza kuti ndalama palibe. Chigawo chiri chonse cha phungu chiri ndi thumba la chitukuko, la CDF. Tamva za milatho imene inalembedwa m'mabuku koma pa mtsinje palibe. Tikufuna kumvako za kabati ya Fizikisi imene iripodi.

Achiwiri atiuza za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, nabwereka mabuku a sayansi m'kanyumba ka mabuku, namanga makina a mphepo opanga magetsi ndi zidutswa za njinga. Ati, "Mwaona, wanzeru safuna labu." Ife mwana ameneyu timnyadira, koma tikana kuti dzina lake likhale chophimbira manyazi a Boma. Nkhani yake itiphunzitsa kuti mitu iripo m'midzi. Ndipo musaiwale kuti atadziwika anamtengera ku masukulu a zipangizo, namaliza ku koleji ya Dartmouth ku America mu 2014. Amene atchula dzina lake pa misonkhano, ana ao awatumiza kuti? Kodi awatumiza kudzala kukatola zitsulo?

Achitatu ali m'nyumba zathu zomwe, ndipo apa tilankhulane ngati pachibale. Alipo abambo ndi amalume amene anena kuti Fizikisi nja anyamata, mtsikana atenge zophweka. Amayi, inu amene musenza ndowa ya malita 20, ndiye makilogalamu 20 pamutu, nimudziwa kuika nkhata ndi kuyenda pa chitunda osataya dontho, ndani angakuuzeni kuti mwana wanu wamkazi sangamve za kulemera ndi kukhazikika kwa zinthu? Kuno kwathu mbumba ndiyo mwini mudzi. Mnyamata akaphunzira kawirikawiri apita kukakhala kwa eni, koma mtsikana wophunzira, nzeru zake zitsalira pa mtundu. Alipo enanso amene anena kuti mwana azingothyola tiyi, tiyi safuna Fizikisi. Lowani m'fakitale muone. Kufotetsa masamba, kuwaumitsa ndi mpweya wotentha, kuyendetsa mamota, zonsezo ndi kutentha ndi magetsi, ndipo amene adziwa zimenezi salipidwa pa kilo.

Kwa aphunzitsi a ku makoleji tiri nao mau owerengeka. Mwana wa CDSS amene wapeza kirediti ya Fizikisi popanda labu wachita chinthu chachikulu kuposa amene wapeza pointi imodzi ali nazo zonse. Akafika kwanu musamlandire ndi mau aja akuti yang'ana kumanja, yang'ana kumanzere, mmodzi wa inu chaka chamawa kulibe. Mpatseni masabata angapo chaka chisanayambe kuti azolowere zipangizo. Ndipo zitsanzo za m'mabuku anu nza anthu otsetsereka pa chipale ndi zikepe za m'nyumba zosanja, zinthu zimene mwanayo sanazione. Alimbana ndi Chingerezi, alimbana ndi chitsanzo, ndipo pofika pa Fizikisi yeniyeniyo watopa kale. Mfunseni za kabaza wotsika chitunda ndi matumba awiri a chinangwa, mfunseni chifukwa chake madzi awira pa madigiri 90 pamwamba pa Sapitwa kotero kuti nyemba zichedwa kupsa, mfunseni kutalika kwa pamene mphenzi yagwa ngati kugunda kwamveka masekondi atatu chiphaliwali chitang'anima, muone ngati sakuyankhani kuti kilomita imodzi.

Koma safunsa anadya phula, ndipo ife tadya phula nthawi yaitali. Chifukwa chake tipempha mlembi wa nthambi iri yonse, kuyambira ku Muloza ndi Limbuli, Chitakale, Chonde, mpaka ku Nkando, kuti atenge anthu awiri, mayi ndi bambo, apite pa sekondale imene ana a nthambiyo aphunzira. Apite mwaulemu, adzere kwa amfumu ndi kwa a komiti ya sukulu, pakuti sitikupita kukamenyana ndi ahedi. Akafunse ngati Fizikisi iphunzitsidwa mpaka Fomu 4, ndi kuti amene aiphunzitsa anaphunzira phunziro lomwelo kapena wangogwirizira. Akafunse kuti chaka chatha analemba ana angati, atsikana angati, ndipo makirediti anali angati. Kenaka apemphe kuona zipangizo ndi maso ao. Akauzidwa kuti kiyi ali ndi wina amene wachoka, akhale pansi adikire. Alembe zonse m'kope, ngakhale zitakhala mabatire awiri okutha ndi galasi losweka.

Makope amenewa tikawasonkhanitsa tidzapita nao kwa makhansala, kwa aphungu ndi ku ofesi ya maphunziro pa Boma, ndipo tidzawerenga dzina la sukulu iri yonse mokweza, kuti pasakhale wonena kuti sanadziwe. Tidzalemberanso eni maesiteti ndi eni makina a magetsi a pa mitsinje yathu, kuwapempha zinthu ziwiri: kabati ya zipangizo pa sukulu iri yonse yoyandikana nao, ndi tsiku limodzi pa teremu lakuti ana a Fomu 3 alowe m'chipinda cha makina, aone gudumu likuzungulira, awerenge mita, afunse mafunso. Nthambi imene iri ndi kalipentala iyambiretu kupala thabwa losalala la mita imodzi ndi theka, ndipo amene ali ndi dainamo ya njinga yakale asaigulitse kwa ogula zitsulo, aipereke kwa mlembi.